Mlimi Aliyense Abzale Mkuyu Chaka Chino

Alimi anzathu a m'boma la Mulanje, m'nyuzi ino timakonda kukambirana za mitengo ya mbewu, za feteleza, ndi za masiku a sikelo. Lero tikufuna tikambirane za mtengo umene sufika pa sikelo ndipo palibe kalaliki amene adzaulembe m'buku lake. Mtengowo ndi mkuyu, pamodzi ndi mbale wake kachere.

Mawa m'mawa, popita kukathyola tiyi kapena kukapalira kudimba, taimani pang'ono pa mtsinje umene banja lanu limatungapo madzi. Werengani mikuyu imene yaima m'mphepete mwake. Mukatero kafunseni agogo a m'mudzi mwanu kuti pa ubwana wawo inalipo ingati. Mukamva yankho lawo mudzadziwa chifukwa chake talemba nkhaniyi. Ganizo lathu ndi ili: mlimi aliyense wolembetsedwa, ndiponso tenanti aliyense wa pa esiteti, abzale mkuyu kapena kachere mmodzi chaka chino, ndipo amene ali nawo kale asaudule.

Mtengo umene unali pano tiyi asanabwere

Tiyi ndi mlendo kuno. Anayamba kubzalidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, pamene Henry Brown anabzala mbewu zake pa Thornwood, ndipo alimi ang'onoang'ono analowa m'ulimiwu mwadongosolo bungwe la Smallholder Tea Authority litakhazikitsidwa mu 1967. Bulugamu nayenso ndi mlendo, kwawo ndi ku Australia. Koma mkuyu ndi kachere ndi eni dziko. Makolo athu ankaweruza milandu pansi pa kachere, ankasema ng'oma ku thunthu la mkuyu, ndipo ana ankapanga ulimbo ndi utomoni wake. Mbiri imanenanso kuti Dr H. Kamuzu Banda anayamba kuphunzira kuwerenga pansi pa mtengo wa kachere ku Kasungu. Owerenga Baibulo akukumbukira kuti Zakeyu anakwera mumkuyu ku Yeriko, ndipo mtengo umenewo ndi mtundu womwewu umene umamera m'mphepete mwa Ruo, Likhubula ndi Thuchila.

Sitikunena izi kuti tingokumbutsana zakale ayi. Mkuyu uli ndi ntchito pamunda panu lero lomwe. Mizu yake imayala kutali ndi kulukana ngati mphasa, motero imagwira dothi la m'mphepete mwa mtsinje madzi akasefukira. Mthunzi wake umasunga chinyezi pa kasupe. Masamba ake akayoyoka amawola msanga ndi kusanduka manyowa, ndipo aawisi ndi chakudya cha mbuzi m'mwezi wa Okutobala pamene msipu wauma. Nkhuyu zakupsa ana amadya, nkhumba zimadya, mbalame ndi mileme zimadyanso. Mbalame zomwezo n'zimene zimatola mbozi m'munda mwanu, ndipo zikamauluka zimafesa mbewu za mitengo ina m'makhwawa popanda wozilipira.

Tonse tikudziwa chimene madzi amachita kuno. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi kuwononga Phalombe, pa nthawi imene Phalombe anali mbali ya boma lathu lino la Mulanje. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, mazana ena anasowa, ndipo Mulanje anali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Tisanamizane: palibe mtengo umene ungaimitse miyala yogumuka kuchokera m'phiri. Koma kuwonongeka kwambiri kwa minda yathu sikuchitika tsiku la napolo lokha. Kumachitika chaka ndi chaka, pamene mtsinje ukudya gombe phazi limodzi dzinja lino, phazi lina dzinja lamawa, mpaka mzere wa nthochi wagwera m'madzi ndipo dimba lasanduka mchenga. Kudya kotereku mtengo ungathe kukuletsa.

Za nyerere za m'kati mwa nkhuyu

Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu ndi woona pa nkhani ya anthu, koma wachititsa ena kuyesa kuti nkhuyu ndi chipatso chowola. Mvetsani mmene zilili. Kodi munaonapo duwa la mkuyu? Simunalione, chifukwa maluwa ake ali m'kati mwa nkhuyu momwemo. Tizilombo timene mumapeza mukaing'amba si nyerere, koma timavu tating'ono kwambiri tosaluma munthu. Kachikazi kamalowa pa kabowo ka kunsonga kwa nkhuyu yaiwisi katanyamula mungu wa mkuyu wina, kamaikira mazira ndi kufera momwemo. Ana ake akakula, aamuna amaboola njira, ndipo aakazi amatuluka ndi mungu kukafuna mkuyu wina umene uli ndi nkhuyu zaziwisi.

Pa dziko lonse pali mitundu ya mikuyu yoposa 800, ndipo pafupifupi mtundu uliwonse uli ndi kavu kakekake. Popanda kavuko nkhuyu sizikhala ndi njere zomera, ndipo popanda mkuyu kavuko kamafa, pakuti moyo wake kunja ndi wa masiku owerengeka okha. Apa pali phunziro kwa ife. Mikuyu sibereka nthawi imodzi yonse. Wina ukapsa, wina uli ndi zaziwisi. N'chifukwa chake mkuyu wa mnansi wanu umadalira wanu, ndipo wanu umadalira wa kutsidya. Mukadula wanu mwachepetsa mbewu ya dera lonse. N'chifukwa chakenso mkuyu umadyetsa mbalame m'miyezi imene mitengo ina ilibe chipatso.

Zodandaula zanu tazimva

Ena mwa inu mudzati: malo athu ndi ochepa, tingabzale bwanji chimtengo chachikulu chotere? Funsoli ndi lomveka. Mulanje ndi boma lothithikana, ndipo mabanja ambiri munda wawo sukwana hekitala imodzi. Sitikukuuzani kuti mubzale mkuyu pakati pa chimanga kapena pakati pa mizere ya tiyi. Mthunzi wake ndi waukulu ndipo mbewu zapansi pake sizichita bwino. Malo a mkuyu ndi m'mphepete mwa mtsinje, pa kasupe, m'chigwembe chimene madzi anakumba, pa bwalo, kumanda, ndi pamalo amiyala posalimika. Mzere womaliza wa chimanga umene mumabzala pa gombe penipeni, kodi mumakolola zaka zingati pa zaka zisanu? Perekani mzere umenewo kwa mtengo kuti mizere yotsalayo ikhale yanu.

Ena mudzati: bulugamu ndimagulitsa, mkuyu ndidzagulitsa kwa yani? Zoona, bulugamu ali ndi msika. Mafakitale a tiyi amaumitsira masamba ndi nkhuni zake, ndipo milimo ya nyumba zathu ndi yomweyo. Bzalani bulugamu, koma kumtunda, kutali ndi madzi. Bulugamu amakula msanga chifukwa amamwa madzi ambiri, ndipo akachuluka pa kasupe wamng'ono madzi amachepa m'chilimwe. Tsono bulugamu mumadula pakapita zaka zingapo, gombe n'kukhala pambalambanda. Mkuyu thabwa lake ndi lofewa ndi lopepuka, nkhuni zake sizikhalitsa pamoto, ndipo owotcha makala saufuna kwenikweni. Chimene mukuchiyesa kuipa kwake ndicho chitetezo chake: mtengo wopanda msika suba akuba, ndipo udzaima pamalo pake zidzukulu zanu zitakula.

Ena mudzati: mizu yake imang'amba nyumba. Apa sitikutsutsani. Mizu ya mkuyu ndi kachere imalondola madzi, imalowa m'chitsime, m'chimbudzi ndi m'mapaipi, ndipo imatukula simenti. Mankhwala ake ndi kusankha malo bwino. Siyani mamita osachepera 20 kuchokera ku nyumba, chitsime chomanga, mjigo kapena mlatho. Mukaona kachere wamera pa khoma kapena pa mphanda ya mango kapena peyala lanu, mchotseni akali wamng'ono, pakuti mizu yake imatsika ndi kukulunga mtengo winawo mpaka kuupha.

Kabzalidwe ka mkuyu ndi kachere

Inu amene munabzalapo tiyi wa SFS 150 kapena PC 108 wochokera ku malo a kafukufuku a ku Mimosa mukudziwa kale kuti mtengo ungamere kuchokera ku kanthambi. Kubzala mkuyu n'kosavuta kuposa pamenepo, chifukwa sikulira nazale, sikulira pulasitiki, sikulira ndalama.

Choyamba, sankhani mtengo wathanzi umene umabereka bwino, ndipo mupemphe kwa mwini wake. Dulani nthambi yowongoka, yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, yotalika mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri. Dulani ndi chikwanje chakuthwa kuti khungwa lisasendeke. Sadzani masamba onse ndi tinthambi tam'mbali. Ikani chizindikiro kumunsi kwake kuti musadzaibzale chozondoka.

Chachiwiri, imikani nthambiyo pa mthunzi masiku atatu kapena anayi kuti utomoni uume pa bala. Nthambi yobzalidwa ikuchucha utomoni imawola msanga. Samalani kuti utomoniwo usakugwereni m'maso, ndipo musambe m'manja mukatha.

Chachitatu, kumbani dzenje lakuya masentimita 60. Pansi pake thirani mchenga wa kumtsinje pang'ono kuti madzi asadikhe. Imikani nthambi m'dzenjemo, gawo limodzi mwa magawo atatu likhale m'nthaka, kwirirani ndi dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola bwino, ndipo pondani kolimba kuti isagwedezeke ndi mphepo. Musaikhomere pansi ngati chikhomo, chifukwa khungwa likasendeka mizu situluka.

Chachinayi, nthawi. Pamalo achinyezi a m'mphepete mwa mtsinje mungabzale mu Sepitembala kapena Okutobala, kukayamba kufunda. Pamalo ouma dikirani mvula yoyamba ya Novembala kapena Disembala. Mvula ikadula, thirirani kamodzi pa sabata. Musabzale m'madzi mwenimweni, koma pamwamba pa gombe pamene madzi osefukira amalekeza zaka zambiri.

Chachisanu, tchingirani ndi minga kapena nsungwi, pakuti mbuzi zimakonda masamba ake anthete. Wazani phulusa mozungulira tsinde ndipo muziyang'ana chiswe. Nthambi zina sizigwira, makamaka za mkuyu. Kachere ndiye savuta. Tsono ngati mukufuna mtengo umodzi bzalani nthambi zitatu. Nthambi za kachere zikabzalidwa mondanda zimakhala mizati yamoyo ya mpanda wa dimba kapena khola, ndipo muziziphata chaka ndi chaka kuti zisatalike, masambawo n'kupatsa ziweto.

Amene akufuna mbande zambiri, monga kalabu ya alimi kapena sukulu, angafese njere. Tolani nkhuyu zakupsa zogwa zokha, zifikiseni m'madzi, sefani njere ndi kuziyanika pa mthunzi. Njere zake ndi zazing'ono ngati za fodya, motero muziwaze pamwamba pa dothi losakaniza ndi mchenga osazikwirira kwambiri, ndi kuthirira ndi kheni yamabowo aang'ono. Zikamera ndi kutulutsa masamba anayi, ziokereni m'machubu. Mtengo wa njere umachedwa kuyamba, koma mizu yake imalowa pansi mwakuya kuposa wa nthambi.

Nanga mkuyu wachizungu?

Alipo ena mwa inu amene anaona mkuyu waufupi wamasamba onga chikhatho m'minda ya maluwa ya pa mishoni kapena pa nyumba zakale za pa esiteti. Umenewo kwawo ndi ku maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo dziko la Turkey ndilo limalima wambiri. Nkhuyu zake ndi zazikulu ndi zotsekemera. Mitundu yake yobzala pakhomo imabereka popanda kavu kaja, motero m'kati mwake simupeza tizilombo.

Tikuti uyeseni, koma mtengo umodzi kapena iwiri ya pakhomo, osati munda wathunthu. Chifukwa chake ndi mvula yathu. Mtengowu umafuna kuti zipatso zake zipse kuli dzuwa, pamene kuno zambiri zimapsa m'dzinja. Mvula ikachuluka nkhuyu zimang'aluka ndi kusasa, ndipo masamba amagwidwa ndi dzimbiri. Alimi a kumbali ya Thuchila, kumene mvula imacheperako, adzapindula nawo kuposa a kumbali ya Mimosa ndi Muloza kumene chiperoni sichichoka. Ndiponso nkhuyuzi sizichedwa kuwonongeka, sizingapirire ulendo wa ku Limbe m'dengu monga chinanazi. Munthu akadzabwera kwa inu ndi mbande zodula n'kumati mudzalemera nazo, mufunseni kaye kumene kuli msika wake.

Kabzalidwe kake nkaka. Mu Juni kapena Julayi, mtengo ukayoyola masamba, dulani tinthambi ta chaka chatha tonenepa ngati chala, totalika masentimita 25, tokhala ndi maso atatu kapena anayi. Tizikeni m'chubu kapena pa bedi lamchenga, maso awiri ali kunja, ndipo muzithirira pang'onopang'ono pa mthunzi. Mvula ikayamba okerani pamalo adzuwa, okwera, osadikha madzi, motalikirana mamita 4 kapena 5. Mtengo ukafika m'chiuno tsinani nsonga kuti uchite nthambi zitatu kapena zinayi zotambalala, mphepo izidutsa pakati. Kawirikawiri umayamba kubereka chaka chachiwiri kapena chachitatu.

Mdani wake wamkulu ndi tinyongolotsi ta m'nthaka timene timatupitsa mizu, tomwe tija mumationa pa matimati ndi fodya. Musabzale pamene panali matimati, musatenge mphukira ya mizu yotupa, ndipo phimbirani pansi pa mtengo ndi udzu wambiri ndi manyowa. Masamba adzimbiri akagwa asesereni pamodzi ndi kuwatentha. Musathire feteleza wa tiyi wochuluka, chifukwa mudzakolola masamba m'malo mwa zipatso. Thyolani nkhuyu ikafewa ndi kuwerama pa khosi, pakuti yothyoledwa yaiwisi siipsa m'nyumba ngati nthochi. Zikachuluka zing'ambeni pakati ndi kuziyanika pa thandala.

Kumbukirani zimene matenda a chisaka anachita ku nthochi za kuno ndi za ku Thyolo. Mabanja amene ankadalira chipatso chimodzi anatsala manja lende. Pakhomo pamene pali mapeyala, mango, magwafa, mapapaya ndi mkuyu, nthenda imodzi siingamalize zonse.

Mawu kwa matenanti ndi eni esiteti

Inu matenanti ndi okhala m'makomboni muli ndi funso lolemera koposa onse: ndibzalirenji mtengo pa nthaka imene si yanga? Sitingalipeputse funso limeneli. Boma lino limakumbukira thangata, pamene makolo a ambiri a inu ankagwira ntchito yolipirira malo okhala pa esiteti za azungu, mpaka mchitidwewo unathetsedwa ufulu wa 1964 uli pafupi. Munthu amene sadziwa ngati chaka chamawa adzakhala pomwepo sabzala mtengo, ndipo sitingamudzudzule.

Komabe taganizani mtengo wake wa ntchitoyi. Ndi nthambi imodzi ndi thukuta la ola limodzi. Madzi a pa kasupe wa pa komboni amamwa ndi ana anu, osati a bwana. Pitani kwa kapitawo kapena kwa manijala, mupemphe malo a m'khwawa, ndipo mugwirizane poyera kuti mtengowo sudzadulidwa. Mkuyu wachizungu ungakulenso m'chidebe chachikulu kapena m'mgolo wodula pakati wobooledwa pansi, ndipo tsiku losamuka mungaunyamule kapena kudulako tinthambi tokabzala kumudzi kwanu.

Kwa inu eni esiteti ndi mamanijala tikuti: esiteti zina zinasiya nkhalango zachilengedwe m'makhwawa mwawo, ndipo m'menemo muli mikuyu ikuluikulu. Lolani anansi anu adulemo nthambi zobzala pa tsiku loikika, mlonda ali pomwepo. Mtsinje sudziwa malire a esiteti ndi mudzi. Dothi logumuka kumtunda kwa mlimi wamng'ono limakatsakamira m'damu lanu, ndipo kasupe akauma kumudzi anthu adzabwera kudzatunga kwa inu.

Ndipo kwa inu mafumu: kale munthu sankadula mkuyu wa pa kasupe popanda kupempha kwa mfumu. Bwezerani lamulo limenelo m'midzi yanu, ndipo mulilengeze pa bwalo mvula isanayambe.

Yambani ndi umodzi

Kuyambira mu 1976 dziko lathu lakhala ndi mwambo wobzala mitengo chaka ndi chaka. Poyamba linali tsiku limodzi la mu Januwale, ndipo pambuyo pake inakhala nyengo yathunthu ya dzinja. Mbande zambiri zabzalidwa, koma zambiri mwa izo zinali za mitengo yachilendo, ndipo zambirinso zinafa chifukwa wobzala sanabwerereko kukaziona. Pamwamba pa phiri lathu, mkungudza wa Mulanje umene unatchedwa mtengo wa fuko lathu mu 1984 unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutha, ngakhale phirilo lakhala nkhalango yotetezedwa ndi Boma kuyambira mu 1927. Ngati lamulo lokha silinathe kusunga mtengo wotchuka chotere, ndani adzasunga mkuyu wa pa dimba panu kupatula inu?

Musadikire mbande za Boma kapena za mabungwe. Mbewu ya mkuyu ili m'mudzi mwanu momwemo, pa mtengo umene mumaudutsa tsiku ndi tsiku. Pa msonkhano wa kalabu yanu mwezi uno, lembani maina a mitsinje ndi akasupe a m'dera lanu, gawanani magombe, ndipo mupangane tsiku lodula nthambi. Itanani mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango adzakuthandizeni kusankha malo. Tengani ana popita kukabzala, ndipo mwana aliyense mumupatse mtengo wake woti aziuthirira ndi kuuteteza ku mbuzi. Pakatha miyezi itatu mudzayendere limodzi, muwerenge imene yagwira, ndi kubwezeretsa imene yafa mvula isanathe.